Ndapatsidwa bokosi la kasinja wa Tiger, ndiyambire pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa wowerenga wina wa ku Lilongwe:

"Alamu anga amene amagwira ntchito ku Leeds anandibweretsera mphatso pa Khirisimasi, bokosi la kampani ya Tamiya lolembedwa Tiger I Early Production, 1/35. Ine ndinkayesa ndi chidole chothaitha. Nditatsegula ndinapeza tizidutswa ta pulasitiki tambirimbiri tolumikizana pa mafulemu, mawilo osawerengeka, koma mulibe guluu kapena penti. Mpaka lero bokosilo lili pamwamba pa wadiropu. Mnzanga akuti ndingomata ndi supagulu n'kupaka penti wotsala wa pageti. Pa YouTube ndikuona ena akumata phala la mizeremizere pathupi lonse la kasinjayo, kodi nanenso nditero? Komanso mayi akunyumba akufunsa ngati n'koyenera kuika chida cha asilikali a Hitler pabalaza pomwe pali ana."

Bambo, mtima m'malo, tsitsani bokosilo. Alamu anu anasankha bwino, kaya ankadziwa kaya zinangochitika. Mwa makampani onse amene amapanga kasinja ameneyu pa sikelo ya 1/35, Tamiya ya ku Shizuoka m'dziko la Japan ndi imene sivutitsa munthu woyamba kumene. Zidutswa zake zimalowana bwinobwino popanda kukakamiza, ndipo pepala la malangizo ndi la zithunzi zoti ngakhale wosadziwa Chingerezi akhoza kulitsatira. Akanakubweretserani la kampani ya Rye Field Model lokhala ndi zam'kati zonse, injini, mipando ndi zipolopolo, kapena ena a Dragon, ndikanakuuzani kuti muyambe mwayesera pa kanthu kena kakang'ono. Koma ili mulitha. Mukamaliza mudzakhala ndi kasinja wotalika pafupifupi masentimita 24 kuphatikizapo mpope wa mzinga, chifukwa weniweniyo anali wotalika mamita 8.45, ndipo 1/35 ikutanthauza kuti muyeso uliwonse waugawa ndi 35.

Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikumanga tiakasinja timeneti ndi kuona ta anzanga, sindinaonepo kamene kanawonongeka chifukwa choti mwini wake alibe luso. Timawonongeka ndi zinthu ziwiri: mankhwala olakwika, ndi kuyamba kudula munthu asanasankhe kuti akumanga Tiger uti, wa mwezi uti, amene anali kuti. Chachiwirichi anthu amachiderera, choncho ndiyamba nacho, chifukwa chikuyankhanso funso lanu la phala lija.

Tiger I anapangidwa ndi kampani ya Henschel mumzinda wa Kassel ku Germany kuyambira mu Ogasiti 1942 mpaka mu Ogasiti 1944, onse pamodzi pafupifupi 1,350 basi. Yerekezani ndi akasinja a Sherman a ku America amene anapitirira 49,000. Anali wolemera pafupifupi matani 57, chitsulo chakutsogolo chochindikala mamilimita 100, mzinga wa masentimita 8.8, ndipo munkakhala anthu asanu. Koma m'zaka ziwirizo fakitale inkangosinthasintha zinthu, moti Tiger wa mu Malichi 1943 ndi wa mu Malichi 1944 mukawaika pamodzi mudzaona kusiyana msanga. Wanuyo ndi wa kumayambiriro. Mumudziwa ndi kanyumba ka mkulu wa kasinja pamwamba pa mutu wozungulira, kamene ndi kataliatali ngati mgolo, ndi timabowo toonera m'mbali. Kuyambira mu Julayi 1943 anaika kena kakafupi kokhala ndi magalasi oonera. Mumudziwanso ndi zosefera mpweya za Feifel zokolekedwa kumbuyo, zokhala ndi mapaipi opita pamwamba pa injini, timizinga ta utsi titatu mbali iliyonse ya mutu, ndi mawilo okhala ndi labala m'mphepete. Mawilo achitsulo chokhachokha anabwera mu Febuluwale 1944.

Phala la mizeremizere limene mwaona dzina lake ndi Zimmerit. Ajeremani anali ndi mabomba a maginito amene msilikali ankathamanga nawo n'kukawamata pa kasinja wa adani, ndiye ankaopa kuti adani awo nawonso achita chimodzimodzi. Phalalo linkatalikitsa maginito ndi chitsulo kuti bomba lisakakamire. Anayamba kulipaka kufakitale chakumapeto kwa Ogasiti 1943 n'kulisiya mu Seputembala 1944, patamveka mphekesera zoti limagwira moto, komanso adani aja sanagwiritse ntchito mabomba oterowo kwenikweni. Ndiye onani masikuwo. Tiger wanu anatuluka mufakitale phalalo lisanayambe. Musamupake. Mwapulumuka ntchito imene imagwetsa ulesi anthu ambiri, ndipo amene mukuwaona pa YouTube akumanga wapakati kapena wakumapeto.

Mtundu wa penti nawonso ukutsatira nthawi ndi malo. Akasinja oyambirira amene anatumizidwa kufupi ndi Leningrad mu 1942 anali otuwa moderako, penti amene nambala yake ndi RAL 7021. Mu Febuluwale 1943 linatuluka lamulo loti onse azipakidwa chikasu choderako, RAL 7028, ndipo asilikali ankapatsidwa zitini za wobiriwira ndi wofiirira kuti aziika okha mawanga kumene ali, ena ndi makina opopera, ena ndi bulashi, ena ndi chilichonse chimene apeza. Amene anapita ku Tunisia anali ndi mitundu yawoyawo ya kumalo otentha. Pa pepala la malangizo mupeza akasinja angapo oti musankhepo, aliyense ndi nambala yake ndi gulu lake, ndipo m'masitepe ena mwalembedwa kuti chidutswa chakuti ndi cha kasinja A, chakuti ndi cha B. Sankhani mmodzi lero, tengani pensulo, mudutse pepala lonse mukukhwatcha zimene sizikumukhudza. Mukapanda kutero mudzaboola bowo pamalo osafunika bowo. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha wa mtundu umodzi wokha, chifukwa mawanga atatu ndi bulashi amafuna dzanja lozolowera.

Tsopano za mnzanu uja. Akukufunirani zabwino, koma pa zonse ziwiri musamumvere. Zidutswazi ndi za pulasitiki wa polystyrene, ndipo guluu wake weniweni samata ngati mmene ulimbo umamatira. Amasungunula pang'ono mbali ziwirizo, zikauma n'kukhala chinthu chimodzi. Amene ambiri timagwiritsa ntchito ndi Tamiya Extra Thin Cement wa chivindikiro chobiriwira, kapena Revell Contacta wokhala ndi kasingano. Wa Tamiyayo ndi wamadzimadzi: mumagwirizitsa zidutswa ziwiri zouma, n'kukhudza pamzere wolumikizirapo ndi kabulashi ka m'chivindikiro, iye n'kuyenda yekha mumzeremo. Chala chanu chisakhale pamzerepo, apo ayi alowa pansi pa chalacho n'kudinda chidindo chanu pa kasinja mpaka kalekale. Supagulu amagwira musanawongole chidutswa, amasiya nkhungu yoyera m'mbali, ndipo kasinja akagwa pansi amangothothoka. Musungeni kuti adzagwire ntchito pa zinthu zachitsulo zokha, monga timasefa ta pamwamba pa injini timene amagulitsa padera. Guluu wa mapaipi a madzi ndi wa nsapato ayi ndithu.

Penti wa pageti ndiye woopsa kwambiri. Ndi wokhuthala, akwirira timabawuti ndi mizere yowotcherera imene ndiyo kukongola kwa chinthuchi, ndipo thinala wa penti wa galimoto, petulo ndi mankhwala ochotsera penti wa zikhadabo zimadya pulasitikiyu mpaka kuchita makwinya. Pezani timabotolo ta penti wa acrylic. Kwa Tamiya, chikasu chija ndi XF-60, wotuwa ndi XF-63, wofiirira XF-64, ndipo amasungunulidwa ndi X-20A. Koma ngati mupaka ndi bulashi, wa Vallejo wa ku Spain ndi wofatsa, amasungunulidwa ndi madzi ndipo sauma msanga ngati wa Tamiya, amene mukabwereza kudutsa pamalo amodzi amakokera wapansi. Apa pali vuto limene muyenera kulidziwiratu musanatume munthu: guluu uja ndi zitini zopopera zimagwira moto, ndipo siziloledwa m'chikwama cha pandege. Wa Vallejo savuta chifukwa ndi wamadzi. Zinazo n'kwapafupi kuzipeza kudzera mwa obwera pamsewu kuchokera ku Johannesburg, kumene masitolo a zinthu zoterezi alipo. Musathamangire kugula airbrush, kamakina kopopera penti, ndi kompuresa yake. Kasinja woyamba amatheka ndi mabulashi atatu, yophwatalala yofewa, yapakati ndi yosongoka.

Zida zina muli nazo kale m'nyumba. Chowengera zikhadabo chatsopano chimadula zidutswa pa fulemu, timatabwa topalira zikhadabo ta amayi timagwira ntchito ya sandipepa, mapegi oyanikira zovala amapana zimene mwamata, ndipo zotokosera m'mano mudzazifuna zambiri. Onjezerani kampeni kakuthwa ndi kopanira kakang'ono. Chidutswa musachithyole ndi manja. Dulani patali pang'ono n'kutsiriza kachitsa kotsalako ndi mpeni, ndipo dulani zokhazo zimene sitepe imeneyo ikufuna, chifukwa nambala ili pa fulemu, osati pa chidutswa. Musanamate chilichonse yambani mwachiyesa chouma.

Tifike pa mawilo, pamene anthu ambiri amabwezera bokosi pawadiropu. Mbali iliyonse ili ndi mikono isanu ndi itatu, ndipo pa Tiger woyambirira mkono uliwonse unali ndi mawilo atatu, kutanthauza 24 mbali imodzi, 48 onse, osawerengera la mano lakutsogolo ndi lakumbuyo lokokera lamba, unyolo wachitsulo umene kasinja amayendera. Analowetsana kuti kulemera kwa kasinja kugawike bwino pa lamba, ndipo ankayendadi mosagwedeza. Koma amakaniko ankalira nawo. Kuti afike pa wilo lam'kati ankayamba achotsa angapo akunja, ndipo ku Russia matope ankalowa pakati pake n'kuuma ndi chisanu usiku, m'mawa kasinja osasuntha. Pokwera sitima ankachotsa mzere wonse wakunja n'kuvala malamba opapatiza a mamilimita 520 m'malo mwa a 725, chifukwa anali wotambalala kuposa ngolo.

Kwa inu zikutanthauza kuti pali dongosolo limodzi lokha lolowetsera, kuyambira mzere wam'kati kutulukira kunja, ndipo mukamata limodzi nthawi yake isanakwane lotsatira sililowa. Mawilowo amafanana pongowaona koma si amodzi. Ine ndimatenga thireyi ya mazira, n'kulemba nambala m'dzenje lililonse, n'kumaika mtundu uliwonse pawokha. Mukamamata mikono ija, ikani thupi la kasinja pa galasi kapena pa tebulo losalala guluu asanaume, muone kuti yonse ikugunda pansi mofanana. Musadabwe kuona kuti mikono ya mbali imodzi yaloza kutsogolo pomwe ya mbali inayo yaloza kumbuyo, ndipo mawilo a kumanzere sakuyang'anizana ndendende ndi a kumanja. Si vuto la fakitale, weniweniyo analinso choncho. Mawilo apakeni penti asanalowe pa kasinja: bayani lililonse pa chotokosera m'mano, pakani pakati, kenako gwirani bulashi ya penti wotuwa kwambiri malo amodzi n'kumazunguza wilolo ndi zala kuti labala atuluke bwino. Wakuda bii amaoneka wabodza. Ndipo musadzivutitse ndi am'kati, theka lake silidzaonekanso.

Malamba a m'bokosi lanu ndi ofewa, aatali, olumikiza nsonga ziwiri. Werengani pepala kuti muone ngati akulola guluu wa pulasitiki. Pa mabokosi akale tinkanyunyitsa timitu take ndi msomali wotentha. Polumikizira pabiseni pansi pa mawilo. Chimene oyamba ambiri amaphonya n'chakuti Tiger analibe timawilo tonyamula lamba pamwamba, choncho lamba akachoka pa wilo la mano amatsika n'kugona pa mawilo akuluakuluwo. Wapulasitikiyu amafuna kuima mowongoka m'malere, zimene zimachititsa kasinja wolemera matani 57 kuoneka wopepuka. Mumangirireni ku mawilo ndi ulusi wakuda wopyola pakati pa mano ake, kapena mumateni ndi kadontho ka supagulu n'kutsinikiza ndi tishu wopindapinda mpaka aume. Penti wamafuta wa enamel pa malamba ofewa amatha kukhala wonata miyezi, ndiye pamenepo pakani acrylic yekha.

Mpope wa mzinga umabwera m'zibanthu ziwiri, ndipo mzere wake ukatsala umaonekera patali. Pakani guluu mokwanira, finyani mpaka pulasitiki wosungunuka atuluke pang'ono mumzeremo, siyani usiku wonse, m'mawa palani ndi msana wa mpeni n'kukulunga sandipepa kuzungulira mpopewo. Mukapala mbali imodzi yokha uphwatalala.

Popaka, tsukani kaye kasinja ndi madzi a sopo wotsukira mbale kuti mafuta a m'manja achoke, aume. Penti akhale wamadzimadzi ngati mkaka, ndipo mupake katatu kapena kanayi mopyapyala, kudikira kuti aume pakati pake. Ulendo woyamba adzaoneka wonyansa, wamizeremizere, makamaka chikasu. Musaonjezere, ingodikirani. Nyengo yathu ilinso ndi zake: mu Okutobala penti amauma pa bulashi musanafike naye pa kasinja, choncho pakani m'mamawa kapena madzulo, ndipo bokosi musalisiye m'galimoto padzuwa chifukwa zidutswa zimapindika. Nthawi ya mvula vanishi wopopera amatha kuyera chifukwa cha chinyezi. Miyezi ya mphepo ndi fumbi, vindikirani kasinja ndi beseni akamauma. Manambala ndi mitanda ndi timapepala toviika m'madzi ofunda kwa masekondi ochepa, kenako n'kutsetserekera pamalo pake. Pamalopo yambani mwapaka vanishi wonyezimira, chifukwa pa penti wosawala mpweya umatsalira pansi n'kumaoneka ngati siliva. Pomaliza phimbani zonse ndi vanishi wosawala.

Pa zomudetsa kuti aoneke wogwira ntchito ndili ndi maganizo anga, ndipo ena sagwirizana nane. Masiku ano anthu akudzaza dzimbiri thupi lonse. Komatu akasinja amenewa ambiri sankatha chaka ali kunkhondo, ndipo anali chuma chimene eni ake ankachisamala. Fumbi, matope m'munsi, mwaye pa mapaipi a utsi, kunyezimira kwa chitsulo pamano a lamba kumene mungakupeze pongopaka pensulo wamba, zimenezo n'zokwanira. Dothi lenileni losefa bwino losakaniza ndi guluu woyera wa matabwa limapanga matope abwino kwambiri, koma samalani mtundu. Katondo wofiira wa kuseri kwa nyumba sagwirizana ndi Tiger wa ku Kursk ku Russia mu Julayi 1943, chifukwa dera limenelo ndi la dothi lakuda. Katengeni la kudambo. Wa ku Tunisia akufuna fumbi loyererako.

Funso la mayi akunyumba ndi lolemera, ndipo musaliseke. Kasinjayu anali chida cha boma limene linayambitsa nkhondo yolanda mayiko ndi kupha Ayuda mamiliyoni asanu ndi limodzi, ndipo fakitale ya ku Kassel inkagwiritsa ntchito anthu ogwidwa ukapolo kuchokera m'mayiko olandidwa. Kumanga kachifaniziro sikuvomereza zimenezo, monganso nyumba zosungira zakale sizivomereza pomusunga. Koma pali zosankha. Mtanda wakuda wa m'mbali moyera ndi chizindikiro cha asilikali a Germany, si swastika, chizindikiro cha chipani cha Hitler. Mabokosi ambiri amaperekanso zizindikiro za magulu a Waffen-SS, bungwe la asilikali a chipani cha Hitler limene khoti la ku Nuremberg linagamula mu 1946 kuti linali la zigawenga. Asilikali a gulu la Das Reich, mwachitsanzo, ndi amene anapha anthu opitirira 640 m'mudzi wa Oradour-sur-Glane ku France pa 10 Juni 1944. Ine pabalaza panga sindiika za magulu amenewo. Pali njira ina imene ndimaikonda: Tiger 131, amene asilikali a Britain anamugwira ku Tunisia mu Epulo 1943, ndipo lero ali ku The Tank Museum ku Bovington, ku Britain, yekhayo padziko lonse amene akuyendabe. Ndi wa kumayambiriro ngati wanuyu, zithunzi zake ndi mavidiyo ake zili mbwee pa intaneti, ndipo mwana akafunsa muli ndi nkhani yomuuza ya kasinja amene anagwidwa. Akafunsanso ngati agogo athu a King's African Rifles anakumana naye, yankho ndi ayi. Iwo anamenyana ndi Ataliyana kum'mawa kwa Africa ndi Ajapani ku Burma. Ngati mayi sakumasukabe, m'kabati ya kuchipinda amakhalanso bwino, ndipo fumbi silimupeza.

Ana aang'ono ndiye asayandikire tebulo. Tizidutswa tina ndi tochepa kuposa njere ya mpunga, ndipo mwana akhoza kumeza kapena kulowetsa m'mphuno. Zikatero pitani kuchipatala, musatokose. Gwirani ntchito pafupi ndi windo lotsegula, ndipo magetsi akathima tsekani mabotolo, chifukwa guluu uja ndi kandulo kapena mbaula siziyandikana. Mutu ukayamba kuwawa kapena chizungulire, tulukani panja. Supagulu akamata zala viikani m'madzi ofunda a sopo n'kumasula pang'onopang'ono, koma akalowa m'diso tsukani ndi madzi ambiri n'kuthamangira kuchipatala osayesa kulitsegula mokakamiza. Podula, mpeni uziloza kutali ndi chala.

Chidutswa chikasowa, yambani mwasesa pansi ndi tochi yogoneka cham'mbali, nthawi zambiri chimapezeka. Chikakhala chogwirira cha pachitseko, kawaya kopyapyala ka mkuwa kopindidwa kamaoneka bwino kuposa choyambacho. Koma ngati fulemu yonse mulibe kapena thupi lapindika, musalimbane nalo ndi madzi otentha. Tumizani nambala ya bokosi ndi chilembo cha fulemuyo kwa alamu anu afunse kumene anagula, popeza Tamiya imagulitsa mafulemu padera kudzera mwa oimira ake. Bungwe la IPMS, la anthu okonda kumanga tizifaniziro ta pulasitiki, lili ndi nthambi ku Britain ndi ku South Africa, ndipo chaka chilichonse mu Novembala limachititsa chionetsero chachikulu ku Telford, ku Britain konko, kumene alamuwo angakakupezereni penti ndi zomata za Tiger 131 ngati m'bokosi lanu mulibe. Mukafika pa mawilo, alowetseni onse osamata, mujambule mbali zonse ziwiri, munditumizire ndione musanatsegule botolo la guluu.